Konsati ya nyimbo za Johann Strauss pa bandi ya malipenga ndi zitoliro: waltz yathu ikulemera, titani?

Walipenga wafunsa:

Moni nonse. Bandi yathu ikukonza konsati yolemekeza Johann Strauss wamng'ono, wa ku Vienna uja, amene anabadwa mu 1825 n'kumwalira mu 1899. Tilipo anthu 40: ma flute 4, oboe 1, ma clarinet 9, bass clarinet 1, ma saxophone 5, ma trumpet 6, ma horn 3, ma trombone 4, ma euphonium 2, ma tuba 2, ndipo ang'oma alipo 3. Bassoon ndi harp tilibe. Pamndandanda taikapo An der schönen blauen Donau, Kaiser-Walzer, Tritsch-Tratsch-Polka ndi Unter Donner und Blitz.

Ma polka akuyenda bwinobwino. Mutu ukuwawa ndi ma waltz. Manoti onse tikuwakhoza, koma nyimbo ikumveka ngati amayi atatu akusinja mumtondo umodzi, palibe angadzuke kuti avine. A clarinet nawo akudandaula kuti kiyi ya D ikuwapiringiza zala, ndipo mpweya ukuwathera chuni chisanafike pothera. Konsati ili mu Okutobala, muholo ya malata. Tiyambire pati?

Nachitoliro:

A Walipenga, yambani mwawerenga anthu amene akuliza biti yachiwiri ndi yachitatu mwa mabiti atatu a bar iliyonse ya waltz (bar ndi kagawo kakang'ono ka nyimbo papepala). Ndikukaikira kuti ndi ma horn onse, ma trombone onse, ma trumpet achiwiri ndi achitatu, mwina ndi ma saxophone omwe. Ngati zili choncho ndiye kuti anthu oposa khumi akumenya "pa-pa", pomwe chuni chili ndi a clarinet oyamba atatu okha. Kulemerako kukuchokera pamenepo.

Mu okestra ya Strauss mabiti awiriwa amalizidwa kwambiri ndi mavayolini achiwiri ndi ma viola, ma horn n'kumathandizira. Uta ukangochoka pansambo mawu amazima okha. Lipenga silitero ayi, limasunga mawu mpaka woimba atadula mpweya, ndiye mukalemba noti yomweyo pa trombone imatuluka yonenepa kawiri. Pamalo olembedwa piano (mofewa) siyani ma horn atatu okha, aliyense noti yake ya chord (manoti olira pamodzi). Akatopa milomo asinthane ndi a clarinet achitatu. Ma trombone alowe pa forte (mokweza) basi, ndipo ma trumpet asakhudze n'komwe ntchito imeneyi. Tuba ikhale imodzi pamalo ofewa, inayo idikire.

Kutalika kwa manoti nakonso n'kofunika. Biti yoyamba ya tuba ikhale ndi thupi koma ithe biti yachiwiri isanalowe. Yachiwiri ikhale yaifupi, theka la mmene yalembedwera. Yachitatu ikhale yopepuka kuposa zonse, chifukwa ndi imene imanyamula phazi la wovina kupita nalo pa bar yotsatira. Mabandi ozolowera nyimbo zoguba amakonda kuitsindika yachitatuyi, ndipo akatero gule amaima.

Ndiyeno wotsogolera. Ngati akugwedeza ndodo katatu pa bar iliyonse, asiye lero lomwe. Waltz ya ku Vienna imatsogoleredwa ndi kugwedeza kumodzi pa bar. Ovina pampikisano amaivina pa ma bar 58 mpaka 60 pa mphindi, kutanthauza mabiti pafupifupi 180, ndiye dzanja lowerenga katatu silingafike pamenepo popanda kukoka bandi yonse m'mbuyo. Pakonsati mungathe kutsikako pang'ono, koma poyeserera ikani metronome kuti izilira kamodzi pa bar, kuyambira pa 46, n'kumakweza pang'onopang'ono sabata ndi sabata. Strauss mwiniwake ankatsogolera ataimirira, vayolini ili m'manja, akuimba nawo. Nthawi yowerengera anthu mabiti atatu analibe.

Mlembi wa manoti:

Zonse anena mayi Nachitoliro ndikuvomereza. Ine ndiyankhe za kiyi ndi kagawidwe ka mawu.

A clarinet anuwo sakunama. Kiyi ya D ndi yokomera vayolini chifukwa nsambo za D ndi A zimalira zosagwira. Koma clarinet, trumpet ndi tenor saxophone ndi zida za B flat, choncho D ya piyano iwo amaiwerenga ngati E, ya ma sharp anayi. Alto saxophone imaiwerenga ngati B, ma sharp asanu. Mukakweza nyimbo yonse ndi semitone imodzi (theka la toni) kufika pa E flat, a clarinet amawerenga F, a alto amawerenga C, a horn amawerenga B flat. Zala zimamasuka ndipo ma chord amagwirizana msanga.

Poyambira pa Donau pali mavayolini onjenjemera chapansipansi, horn n'kumatchula chuni pang'onopang'ono. Musauze a clarinet kuti atsanzire kunjenjemerako ndi lilime, zimamveka ngati phokoso chabe. Agaweni pawiri: ena asunge manoti aatali mofewa kwambiri, ena azisinthasintha mofulumira pakati pa manoti awiri a chord yomweyo, osankha manoti osadutsa pamalo ovuta aja a pakati pa B flat ndi B. Ma flute awiri okha pamwamba. Woimba horn apatseni mpata, asapikisane ndi aliyense.

Mawu a cello apatseni euphonium imodzi, ndipo pamene chuni chakwera muwonjezere tenor saxophone. Mu Kaiser-Walzer muli malo amene cello imaimba yokha, kumapeto kwa chiyambi chija choguba mwapang'onopang'ono komanso mu coda, gawo lotsekera nyimbo. Pamenepo munthu mmodzi yekha, osati awiri, chifukwa awiri sangapume ndi kugwedeza mawu mofanana. Mawu a bassoon apite kwa bass clarinet, baritone saxophone izithandiza pa forte pokha. Za harp, kiyibodi yotsitsidwa mawu ikwanira, ndipo ngati palibe woiliza ingochotsani, nyimbo siigwa.

Vayolini yoyamba imakwera kupyola pamene clarinet imamveka bwino. Chuni chikapyola C yapamwamba yolembedwa, chisiyireni ma flute, a clarinet atsike ndi octave. Piccolo muisunge, izituluka pachimake pokha.

Kanthu kena. Nyimbo za Strauss zilibenso umwini chifukwa mwini wake anamwalira kalekale, ndipo mapepala a okestra mungawapeze aulere pa IMSLP, tsamba la pa intaneti losunga manoti a nyimbo. Koma munthu amene anazikonzanso posachedwa kuti zikhale za bandi ali ndi umwini pa ntchito yakeyo. Kukopera mapepala ake pafotokope popanda chilolezo ndi nkhani ina, ndipo ngati konsati ndi yolipiritsa funsaniko ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso.

Wa alto wachiwiri:

Achimwene a Mlembi, pa E flat ndikutsutsani pang'ono. Donau siikhala mu D kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chiyambi chili mu A, waltz yoyamba mu D, yachiwiri mu D koma pakati pake imalowa mu B flat, yachitatu mu G, yachinayi mu F, yachisanu mu A. Mukakweza zonse ndi semitone, F uja amasanduka G flat, ma flat asanu ndi limodzi kwa a flute ndi a trombone. B flat uja amasanduka C flat. Mwathetsa vuto pa tsamba loyamba n'kulisamutsira pa tsamba lachinayi.

Tsitsani ndi toni yathunthu. Mupeza C, A flat, F, E flat ndi G. Palibe kiyi yoopsa pamenepo, ife a alto tokha ndi amene tikumane ndi ma sharp anayi pa waltz yachisanu, ndipo imeneyo si yothamanga zala. Phindu lina n'lakuti manoti apamwamba a flute ndi clarinet atsikako. Choipa chake, kuwala kwa nyimbo kumachepa pang'ono, ndipo muyang'ane tuba kuti isamire pansi kwambiri. Kaiser-Walzer musaisunthe, imayambira mu C kale.

Mlembi wa manoti:

Mwanena zoona pa G flat. Kwa bandi yozolowera ma flat ambiri ndikanakhalabe pa E flat chifukwa malipenga amalira mokoma kumeneko, koma a Walipenga ayese waltz yachinayi m'makiyi onse awiri asanalembe mapepala a anthu 40.

Walipenga:

Zikomo kwambiri nonse. Funso lina: tikamamvera a Vienna Philharmonic pakonsati yawo ya pa 1 Januwale, biti yachiwiri imamveka ngati yafulumira kulowa. Kodi tiziphunzitse zimenezo? Nanga za mpweya zija?

Bandimasita wopuma:

Makutu anu sakukunamizani, bambo. Ku Vienna biti yachiwiri imalowa msanga pang'ono, yachitatu n'kuchedwerako, koma biti yoyamba ya bar iliyonse siisuntha. Ndi operekeza okha amene amachita zimenezi, chuni chimayenda chowongoka pamwamba pawo. Sizilembedwa papepala, ndipo si bar iliyonse.

Langizo langa: musayambe nazo. Bandi imene mabiti atatu ofanana sanakhazikike ikayesa zimenezi, horn mmodzi amafulumira kwambiri, wina pang'ono, wachitatu osafulumira, ndiye zimangomveka ngati alakwitsa. Choyamba akhoze zimene anena mayi Nachitoliro. Zikakhazikika, tengani tuba imodzi ndi ma horn atatu paokha kwa mphindi khumi pa kuyeserera kulikonse. Auzeni kuti biti yachiwiri itsamire pa noti ya tuba ngati ikuithamangira, osawauza kuti "fulumirani". Horn woyamba atsogolere, enawo amumvere iyeyo, osayang'ana ndodo. Muchite izi pamene chuni chili ndi manoti aatali. Pamene chuni chikuthamanga ndi manoti aafupi asanu ndi limodzi pa bar, mabiti akhale ofanana, apo ayi operekeza asemphana ndi chuni.

Chimene chimapatsa waltz moyo kuposa biti yachiwiriyo ndi kalowedwe. Waltz yoyamba ya Donau siiyamba ndi liwiro lonse. Manoti okwera aja amayamba mochedwerako, liwiro n'kumakwera mpaka litakhazikika pakatha ma bar angapo. Gwirizanani bar yeniyeni imene liwiro likhazikike, aliyense alembe ndi pensulo. Pomaliza gawo lililonse musamachedwetse nthawi zonse, sankhani malo awiri kapena atatu m'nyimbo yonse. Mukachedwetsa paliponse omvera amatopa.

Za mpweya. Woimba vayolini salekeza chuni kuti apume, ndiye Strauss analemba ziganizo za ma bar 16 kapena 32 zopanda pobisala. Mwa a clarinet anu 9, ikani anayi pa mawu oyamba, atatu pa achiwiri, awiri pa achitatu. Awiri okhala pa sitandi imodzi asapumire pamodzi: wakumanja apume pa bar 4 ndi 12, wakumanzere pa bar 8 ndi 16, ndipo zilembedwe, zisasiyidwe kuti aliyense aone yekha. Wopuma asiye noti yathunthu m'malo moidula pakati, polowanso alowe mofewa. Pamene gawo likubwerezedwa sinthani oimba: ulendo woyamba a clarinet, wachiwiri flute, oboe ndi alto saxophone. Apo mwapumitsa anthu, mwasinthanso mtundu wa mawu.

Donau ndi kubwereza konse imatenga mphindi pafupifupi khumi, Kaiser-Walzer kupyolako pang'ono. Musaziike motsatizana, milomo ya a horn siingapirire. Pakati ikani polka. Ngati mukufuna ina yofatsa onjezani Annen-Polka ya 1852, imene siithamanga ngati ziwiri mwasankhazo. Anthu ena adzakuuzani kuti mutsekere ndi Radetzky-Marsch poti ku Vienna amatero. Imbani ngati mukufuna, bandi imaikhoza mosavuta, koma papulogalamu lembani zoona: imeneyo ndi ya bambo ake, Johann Strauss wamkulu, ya 1848.

Wang'oma:

Kumbuyo kuno nafenso tili ndi mlandu. Mu waltz ng'oma yaikulu isamenyedwe pa bar iliyonse, ntchito imeneyo tuba ikuigwira kale. Ilowe pa forte pokha, ndi chomenyera chofewa, dzanja lina likuzimitsa chikopa msanga. Snare imenye mabiti achiwiri ndi achitatu pafupi ndi mkombero, pansi pa mawu a horn. Ngati wotsogolera akuimva bwinobwino pa piano ndiye kuti yakwera. Mphamvu zonse zisungireni Unter Donner und Blitz: kumeneko ng'oma yaikulu ndiye bingu, ma cymbal ndiye mphezi. Pogudubuza bingulo gwiritsani zomenyera ziwiri zofanana, yambani pansi, ndipo muzimitse pa biti yeniyeni, chifukwa likapitirira limakwirira a flute polowa.

Holo ya malata ndi simenti imabweza mawu, makamaka apansi. Kayeserereni momwemo kamodzi konsati isanafike, wina akaime kumbuyo kwenikweni. Akamva mabiti atatu akulumikizana, fupikitsaninso manoti ndipo tsitsani liwiro pang'ono. Ma trumpet ndi ma trombone asalozetse malipenga awo kukhoma lopanda kanthu. Anthu akadzaza holo kubwezako kumachepa, choncho musachotse besi yambiri potengera holo yopanda anthu.

Kutentha kwa Okutobala kumakweza mawu a zida zouzira, pomwe kiyibodi imakhala pomwepo osasuntha. Musachune zida zikadali zozizira kuchokera m'mabokosi. Imbani kaye mphindi khumi, chunani, ndipo mudzachunenso ikatha nyimbo yachiwiri. Tuba imachedwa kutentha kuposa flute, ndiye poyamba imakhala pansi, pakati pa konsati n'kukwera. A horn amene ali ndi noti yapakati ya major chord, monga E mu chord ya C, aitsitse pang'ono, pafupifupi ma cent 14 (semitone imodzi ndi ma cent 100), apo ayi "pa-pa" uja amawawa m'makutu ngakhale makina ochunira akuonetsa kuti zili bwino. A clarinet, oboe ndi saxophone abwere ndi mabango osachepera atatu oyesedwa kale, ndi kabotolo ka madzi konyowetsera, chifukwa bango louma limalira mokwiya pamalo ofewa ngati poyambira pa Donau paja.