Mwana wafika miyezi 7 koma mimba ikukana kubwerera, ndipange bwanji?

Make Tadala, Area 25

Amayi anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndinachira pa opaleshoni mu Febuluwale, mwana wachiwiri. Ndisanaime ndinkalemera makilogalamu 63, zinalembedwa m'buku langa la kuchipatala. Sikelo yomaliza ndisanachire ndinali pa 80. Dzulo titapita kukamuyeza mwana ndinapempha kuti nanenso ndikwere sikelo ya akuluakulu, ndinapeza 76. Ndiye kuti chimene chinachoka m'thupi muno ndi mwanayo basi, zina zonse zinakhazikika.

Apongozi anabwera kuchokera ku Ntcheu nditangotuluka kuchipatala, anakhala miyezi itatu. Sindingawanenere zoipa, anandichapira matewera mpaka manja kusuwa, usiku ankamutenga mwana kuti ndigoneko. Koma chakudya! M'mawa phala la nsinjiro lothira shuga, 10 koloko tiyi wa mkaka ndi mbatata, masana nsima mitanda inayi, ndipo chigubu cha malita 5 cha thobwa sichinkatha masiku awiri. Ndikati ndakhuta ankangoti, "Idyani mayi, mwana akudyera mwa inu." Anapita mu Meyi koma chizolowezi anachisiya. Panopa ndikadzuka 2 koloko usiku kuyamwitsa, njala yake imakhala ngati ndinagona osadya, ndimapezeka ndaima kukhitchini mumdima ndikudya buledi wopaka chiponde.

Chimene chandilembetsa ndi cha Lachisanu. Ndinakwera minibasi yopita m'tauni mwana ali kumbuyo, kondakitala n'kuuza mnyamata wina kuti asendere, apatse malo mayi oyembekezera. Mayi wina amene anakhala pafupi anandiyang'ana pamimba, anayang'ana mwana, kenako anandinong'oneza kuti, "Mwatumbiza mwana wamng'ono chonchi?" Ndinangoseka. Nditafika kunyumba ndinadzitsekera kubafa ndikulira, mpope nditatsegula kuti Tadala asamve. Si koyamba. Bambo akunyumba nawo amandigwira mkono n'kumati ndayamba kuoneka ngati mkazi wa bwana, iwo amaona ngati n'zoseketsa. Masiku ano ndimavula magetsi atazima.

Mu Disembala mng'ono wanga akukwatiwa. Telala atandiyeza m'chiuno anakuwa pamaso pa anthu kuti nsalu ija siikwana, ndikagule ina. Ndiye ndifunse: tiyi wochepetsa thupi amene akugulitsidwa pa WhatsApp uja ndingamwe ndikuyamwitsa? Nditasiya nsima ya usiku mkaka suuma? Komanso ndinabayitsa jakisoni wa miyezi itatu mwana ali ndi milungu 6, ena akuti ndi amene akundinenepetsa. Zoona?

Namwino wa ku Zomba

Mayi, ndiyambe ndi tiyiyo: musamwe. Ambiri mwa matiyi amenewa ndi mankhwala otsegula m'mimba kapena okodzetsa. Sikelo imatsika masiku atatu chifukwa mwataya madzi, mafuta ali pomwepo, ndipo mayi woyamwitsa madziwo akuwafuna. Papaketi nthawi zambiri salembanso zonse zimene aikamo, ndiye simungadziwe chimene chikupita kwa mwana.

Za mimbayo, mwina si mafuta okha. Chiberekero chimabwerera m'malo mwake pakatha milungu 6, koma minofu iwiri ya kutsogolo kwa mimba imatha kutalikirana nthawi ya pakati n'kusabwererana msanga, makamaka pa mwana wachiwiri kapena wachitatu. Zikatero mimba imatuluka ngati ya miyezi isanu ngakhale munthu ataonda. Dziyezeni nokha. Gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, dzutsani mutu pang'ono ngati mukufuna kuona zala za kumapazi, kenako kanikizani zala pamwamba pa mchombo. Mukapeza mpata wolowa zala zoposa ziwiri, pitani mukaonane ndi a physiotherapy, akatswiri olimbitsa minofu, ku chipatala cha Kamuzu Central aliko. Musayambe ma sit-up, masewera ogona chagada n'kumadzuka aja, musanayezedwe, amatha kuitukumula kwambiri. Mukaona kachotupa pamchombo kapena pa bala kamene kamatuluka mukatsokomola, kameneko n'kofunika dokotala.

Nsima musasiye, ingochepetsani. Kuyamwitsa kumadya ma calorie (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 500 patsiku, n'chifukwa chake njala ya usiku ijayo, sikuti ndinu adyera. Mkaka umabwera chifukwa mwana akuyamwa pafupipafupi ndipo inu mukudya ndi kumwa mokwanira, osati chifukwa cha shuga wa mu thobwa. Mitanda iwiri m'malo mwa inayi, ya mgaiwa ngati mungathe, ndiwo zichuluke kuposa nsima: bonongwe, nkhwani, nyemba, usipa, dzira. Kumene mungadule mosavuta ndi ku zakumwa. Botolo limodzi la 300ml la zoziziritsa kukhosi limakhala ndi shuga pafupifupi masupuni 8 a tiyi. Muzitsika theka la kilogalamu pamlungu, osapitirira. Mukawerenga mupeza kuti pofika Disembala mukhala mutachotsa 5 kapena 6, osati 13, ndiye telalayo asoke thupi limene lilipoli.

Jakisoni amanenepetsadi amayi ena, amawonjezera chilakolako cha chakudya, ena sawasintha n'komwe. Koma musangosiya, mungatumbize zenizeni, ndipo bala la opaleshoni limafuna nthawi. Tsiku lanu likakwana kafunseni za lupu ya kopa, njira yolera yoika m'chiberekero, ilibe mahomoni ngati a mu jakisoni.

Chimene chandikhudza kwambiri ndi kubafako. Mwati si koyamba. Ndi kangati pamlungu? Mwa amayi 10 amene angochira kumene, mmodzi kapena awiri amadwala matenda a kukhumudwa, ndipo ambiri amangoti ndi kutopa. Ngati kulirako kwapitirira milungu iwiri pafupifupi tsiku lililonse, palibe chimene chikukusangalatsani, kapena mukubwera maganizo odzipweteka, mukanene kuchipatala osadikira tsiku la sikelo. Mukawauzenso ayang'ane magazi ndi chithokomiro.

Azakhali a ku Dedza

Mwana wanga, ine ndabereka asanu ndi mmodzi, ndikuuze zanga. Thobwa musalinamizire. Ifenso tinkamwa, mwinanso kuposa inu, koma tikangotuluka m'chikuta kunali kumtondo, kuchitsime, kudimba, mwana kumbuyo. Thobwa lathu linkatsekemera ndi chimera chokha. La masiku ano mumathiramo shuga theka la paketi, kenako mumakhala pampando ndi foni. Sindikukunyoza, moyo wa m'tauni ndi wotero, komanso iwe unang'ambidwa, ife ayi.

Apongozi akowo uwamvetse. Kwathu mpongozi akaonda ali ndi khanda, manyazi amagwera banja la mwamuna, anthu amati sakumudyetsa. Ndipo ife amene tinaona maliro a zaka za m'ma 1990 tikaona munthu akutsika thupi mtima umadumpha. Ukatsika mofulumira, omwewo amene akuti watumbiza adzayamba kunong'onezana zina. Pakamwa pa anthu sungapatseke.

Za abambowo usawasungire. Mwamuna ukamusekerera amaona ngati nthabwala yakoma. Uwauze kuchipinda ana atagona, mawu ochepa, kuti zimakupweteka ndipo thupi limeneli linabwera ndi ana awo.

Mlongo wanu wa ku Johannesburg

Sisi, tiyi ameneyo ine ndinamwa, ndiye ndikulankhula zimene ndinaziona. Mwana wanga anali ndi miyezi isanu, ndinagula kwa mayi wina wa kutchalitchi. Tsiku lachiwiri anandigwira ndili mu taxi popita kuntchito, ndinatsika pakati pa njira n'kuthamangira pa filling station, ndinapempha kiyi wa chimbudzi misozi ili m'maso. Mlungu umenewo mwana ankayamwa n'kumalira, ine chizungulire. Ndinataya paketi yonse.

Ine ndinachoka pa 84 kufika pa 70, koma zinanditengera chaka ndi miyezi inayi, ndipo miyezi yoyamba sikelo sinkasuntha n'komwe. Inayamba kutsika mwana atayamba kugona usiku wonse. Munthu wosagona amafuna zotsekemera, palibe za kulimba mtima apa. Ndinkati ndikagona maola atatu, kukacha mutu wonse uli pa magwinya, mandasi a kunoko. Ndiye ngati bambowo akufuna kuthandiza, Loweruka azimutenga mwana m'mawa inu mugone mpaka 9. Zimenezo zimaposa jimu.

Zina zimene ndinachita n'zazing'ono. Ndinkatsika taxi siteji imodzi ndisanafike n'kuyenda mphindi 20. Usiku ndinkaika botolo la madzi ndi nthochi imodzi pafupi ndi bedi kuti ndisapite kukhitchini, chifukwa ndikangofika kumeneko buledi amatha theka. Tiyi ndinachoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi, pang'onopang'ono, mlungu woyamba ankakoma ngati mankhwala.

Koma chimene chinandimasula mtima ndi zovala. Ndinali ndi jinzi ina imene ndinkaiyesa Lamlungu lililonse, ikakana pa ntchafu tsiku lonse lawonongeka. Ndinaipereka kwa mwana wa achemwali anga. Inu pitani pa kaunjika mukasankhe madiresi awiri okukwanani lero, osati a chaka chamawa. Ndipo dziwani kuti ngakhale pa 70 mimba yanga sinabwerere ngati kale, khungu lake ndi lofewa, mizere ilipo, pamwamba pa bala pali kathumba. Nsapato ndinakwera saizi imodzi mpaka lero.

Bambo wa ana atatu

Pepani ndalowerera za amayi. Ndawerenga za mkazi wa bwanazo ndachita manyazi, chifukwa ine ndinkawatchula akazi anga kuti "a sitolo" atachira mwana wachitatu. Ndinkaganiza kuti ndikuwayamikira. Anadzandiuza patapita chaka kuti anasiya kudya nane mbale imodzi chifukwa cha mawu amenewo, ankadikira ndituluke. Auzeni achimwenewo mosazungulira, ife zophiphiritsa sitimva. Muwapemphenso kuti madzulo muziyenda limodzi, iwo abereke mwana.

Make Tadala, Area 25

Zikomo nonse, ndawerenga kawirikawiri. Anamwino, ndadziyeza m'mawa uno pamphasa monga munanenera, zala zitatu zikulowa bwinobwino pamwamba pa mchombo, ndinachita mantha kumva dzenje pamimba panga. Ndipita Lachiwiri. Funso lanu lija la kangati pamlungu landivuta kuyankha, ndinayamba kuwerenga ndinasiyira panjira. Ndikanena zimenezonso, ngakhale sindikudziwa kuti ndikayambira pati.

Azakhali, foniyo mwandigwira. Koma shuga theka la paketi si ine, anali apongozi.

Bambo a Tadala ndinawauza usiku wathawu. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati iwo amaona ngati ndikukondwa nazo popeza ndimaseka. Lero abwera kuchokera kuntchito ndi mapapaya awiri m'malo mwa chipisi cha masiku onse, sanalankhule kanthu, angowaika patebulo. Tiyi uja ndinali nditalipira kale theka, mayi wake akuti ndalama sabweza. Nsalu yowonjezera ndagula mamita awiri, ndikasiya kwa telala mawa, koma ulendo uno ndikamuuza ayezere kuseri kwa katani.