Kodi mainchi 22 m'lifupi si ochuluka pa bolodi la twin fin?

Kalipentala wa ku Retreat:
Moni nonse. Ndakhala ndikusewera pa mafunde a nyanja ku Muizenberg, gombe la ku Cape Town, kwa zaka zitatu tsopano, ndipo popeza manja anga anazolowera kupala matabwa, ndaganiza zodzipangira ndekha bolodi lokwerera mafunde la zipsepse ziwiri kunsi kwake, lija amalitchula kuti twin fin. Ndimalemera makilogalamu 78. Ndikufuna kuti litalike mafiti 5 ndi mainchi 8, m'lifupi likhale mainchi 22, ndipo mchira wake ukhale wamphanda ngati wa nsomba. Mnzanga wina wandichenjeza kuti bolodi lotambalala chotere limathamanga koma silimvera pokhota. Amene munalikwerapo, ndigawireniko nzeru ndisanawononge foam, chinthu chopepuka chimene amasemapo bolodi, imene ndagula modula.

Mkulu wa ku Durban:
Achimwene, mnzanuyo wanena zoona, koma sananene zonse. Kapangidwe mukufunaka kanayamba ndi Steve Lis wa ku San Diego m'chaka cha 1967, ndipo iye ankakwera mafunde atagwada, choncho kutambalala kwa mchira sikunkamuvuta monga kumavutira munthu woimirira. Bolodi lotere limathamanga chifukwa pansi pake n'potakata ndiponso posapindika kwambiri, komanso palibe chipsepse chapakati chokoka madzi. Pa mafunde ofatsa a ku Muizenberg, amene amagudubuzika pang'onopang'ono, liwiro limeneli ndi dalitso lalikulu, chifukwa mudzadutsa malo amene anzanu a mabolodi opyapyala amatitimira.

Vuto limabwera pamene mukufuna kuchoka pa mphepete imodzi kupita pa inzake, pakuti phazi liyenera kupendeketsa thupi lonse la bolodilo, ndipo likatambalala kwambiri limachedwa kuyankha. Ine ndikadasankha mainchi 21, n'kusiya kunenepa kwake pakati, pamene pamagona chifuwa popalasa, koma mphepete zake n'kuzipala kuti zipyapyale polowera kumchira. Zipsepse zikhale zazitali m'tsinde, zija amati keel, ndipo muziike pafupi ndi mphepete, zitaloza pang'ono chabe kumphuno. Mukazipendeketsa kwambiri mudzapha liwiro lomwe mukulifunalo.

Mlongo wa ku Kommetjie:
Pepani bambo, ine ndikuona kuti inchi imodzi si imene ingasinthe zinthu kwambiri ngati kakweredwe kake sikanasinthe. Langa ndi la mainchi 21 ndi theka, ndipo mwezi woyamba linkandigwetsa tsiku lililonse chifukwa ndinkaponda ngati ndili pa bolodi la zipsepse zitatu. Nditayamba kuika phazi lakumbuyo pamwamba penipeni pa zipsepsezo, n'kumakhota mozungulira patali m'malo mokhota mwadzidzidzi, kuterereka kunachepa kwambiri. Bolodi limeneli limafuna kuti mulitsamire ndi thupi lonse, mawondo atapindika, osati kulikankha ndi chidendene.

Achimwene, dziwaninso kuti lili ndi malire ake. Mark Richards wa ku Newcastle, ku Australia, anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi kanayi motsatizana, kuyambira 1979 mpaka 1982, ndipo anatchuka ndi twin fin, koma ake anali ocheperapo kumchira kusiyana ndi a Lis. Simon Anderson anawonjezera chipsepse chachitatu mu 1980 pofuna bolodi logwira madzi bwino, ndipo chaka chotsatira anapambana nalo pa mafunde akuluakulu a ku Bells Beach. Kuno ku Long Beach, funde likaima chilili m'nyengo yozizira, langa ndimalisiya kunyumba.

Mkulu wa ku Durban:
Mwanena bwino mayi, ndipo sindikutsutsa. Ndiwonjezere chimodzi kwa achimwenewa: muyambe mwatsimikiza mtundu wa foam yanu. Ngati ndi ya mtundu wa EPS (polystyrene), resin (guluu wopaka pamwamba pa bolodi) ya polyester idzaisungunula mukuona, ndipo muyenera kugwiritsa ntchito resin ya epoxy basi. Popala ndi popaka muzivala chotchinga mphuno ndi pakamwa.

Kalipentala wa ku Retreat:
Zikomo kwambiri nonse awiri. Foam yanga ndi ya polyurethane, choncho polyester igwira bwino. Ndatsitsa m'lifupi kufika pa mainchi 21 ndi kota, ndipo ndajambula kale chikombole chake pa hadibodi. Zipsepse ndikufuna kuzisema ndekha ku pulayiwudi yosaopa madzi n'kuzimata ndi fiberglass. Kodi bambo, tsinde lake litalike mainchi angati kwa munthu wa thupi ngati langa?