Pa review meeting aliyense amangoti "zonse zili bwino bwana", ndithandizeni

Mayi wa ku Dedza: Mwaswera bwanji anzanga. Lachisanu ndikuyendetsa review meeting ya ma field officer athu 12 ndipo mutu waima. Bwana akakhala kutsogolo ndi laputopu yawo aliyense amangoti ntchito ikuyenda bwino, pomwe tonse tikudziwa kuti mbewu inafika kwa alimi mvula itagwa kale ndipo ambiri anadzala mochedwa. Nthawi ya tiyi ndiye amayankhula zenizeni pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa holo. Ndipange bwanji kuti za pansi pa mango zija zilowe mkati?

Bambo wa ku Zomba: Mayi, choyamba chotsani high table ija, mipando ipange bwalo. Ndiye Lachinayi mukawapemphe bwana mwaulemu kuti adzayankhule pomaliza. Akangoyamba iwo basi zatha, palibe angawatsutse.

Mayi wa ku Salima: Achemwali ine ndimagwiritsa After Action Review, ija anayambitsa asilikali a ku America m'zaka za m'ma 1970. Mafunso ndi anayi basi: timafuna kuti chichitike nchiyani, chachitika nchiyani, zasiyana chifukwa chani, ulendo wina tidzasintha pati. Funso loti walakwa ndani mulibemo, nchifukwa chake anthu amamasuka. Aliyense ayambe walemba yekha pa kapepala osaika dzina, aponye m'lichero, musakanize bwinobwino, wina atole awerenge.

Mayi wa ku Dedza: Koma bwana amadziwa kalembedwe ka aliyense, malipoti amawerenga okha mwezi ndi mwezi.

Mayi wa ku Salima: Ndiye bwanawo asagwire timapepalato, ndipo onse alembe ndi ma marker amtundu umodzi, zilembo zikuluzikulu.

Bambo wa ku Mchinji: Mukamaliza kuwerenga lembani mavutowo pa flipchart muyale pansi, aliyense mumupatse nyemba 10 aike pomwe pakumupweteka kwambiri, monga timapangira PRA (Participatory Rural Appraisal, njira yoti anthu aunike okha mavuto awo) ndi alimi kumudzi. Ife tinayesa chaka chatha, timaganiza kuti mulu waukulu ukhala pa allowance koma nyemba zinaunjikana pa njinga zamoto zomwe zinakhala miyezi iwiri zili zowonongeka, bwana anangogwira pakamwa, sabata yotsatira makanika anabwera. Kapenanso kasewero, achite zomwe zinachitika tsiku logawa mbewu.

Bambo wa ku Zomba: Sewero ndimalikonda, Theatre for Development, masewero okambirana za chitukuko aja, inagwira ntchito kwambiri kuno ndi a Chancellor College, koma pa timu yomwe ikadali ndi mantha ayi achimwene. Wina akatengera kayendedwe ka bwana anthu nkuseka, mnyamatayo mwamuika m'mavuto.

Mayi wa ku Dedza: Zikomo nonse. Sewero lidikire kaye. Nditenga mafunso anayi aja, lichero ndi nyemba, ndipo chomwe chipeze mulu waukulu tilemba woti achite ndi tsiku lake tisanatuluke m'holomo. Panopa ndikupita kukagogoda kwa bwana za high table ija, mundipempherere.