Chimbudzi chadzaza ndi mapadi, ndowa akuikana: nditani?

Wofunsa: Admin ndibiseni dzina, chifukwa ena mwa anthu amene ndikuwanenawa ali m'gulu momwe muno.

Ndine mayi, ndimayang'anira puloti imene anatisiyira malemu bambo athu ku Ndirande, chakumtunda kufupi ndi phiri. Pali makomo 7 a lendi kuphatikiza nyumba yanga. Amayi ndi atsikana otha msinkhu tilipo 13 ndikadziwerengera ndi ine ndemwe. Chimbudzi n'chimodzi, chokumba, chimene tinamanga namondwe wa Freddy atagwetsa chakale mu 2023. Ndinkati chidzatisunga zaka zambiri, koma pano chadzaza kale.

Mwezi watha ndinaitana anyamata opopa. Sanathe ndi theka lomwe. Paipi yawo imangotsekeka, akaizula n'kupeza mapadi ndi mapampasi zitakulungana ngati chingwe. Anayamba kuvuula ndi chitsulo chokowera, anadzaza matumba atatu, ndipo mtengo umene tinagwirizana anauwonjezera. Sindinawatsutse, ntchito imene ija ine sindingaigwire. Malo okumba china palibe, puloti yonse ndi nyumba.

Ndiye ndinagula ndowa ya chivindikiro n'kuika m'bafa, ndinauza amayi onse kuti mapadi aziponya mmenemo, ine ndizikataya. Sabata ziwiri zatha, ndowa ili mbee. Mmodzi anandiuza maso ndi maso kuti, "Amayi, magazi anga mukufuna mukatani nawo?" Zinandiwawa, koma ndinamumvetsa. Nanenso anakanga anandilangiza kuti nyanda yako asaione munthu, angakutseke mimba.

Galimoto ya zinyalala kwathu sifika, tinjira n'tothina. Padzala agalu amafukula, tsiku lina mwana wa zaka zitatu anabwera atanyamula padi akuyesa chidole. Ena amamanga m'jumbo n'kukaponya mumtsinje wa Nasolo usiku, zimenezo ndikudziwa. Anzanga amene muli ndi mapuloti, mumatani? Ndiziwotcha? Ndikwirire? Kapena ndingoletsa m'pangano la lendi?

Bambo wa ku Bangwe: Lembani lamulo pachitseko, wopezeka waponya alipire yekha opopa. Nkhani yatha.

Mtsikana wa ku Zingwangwa: Achimwene, mudzamupeza bwanji? Mudzaima pakhomo la chimbudzi ndi tochi? Nkhani za amayi muziyamba mwamvetsera.

Wopopa zimbudzi: Mayi, ine ntchito yanga ndi yomweyi. Zoipa za munthu zimawola, dzenje limatsika lokha pang'onopang'ono. Padi sawola. Pansi pake ndi pulasitiki, pamwamba pake ndi pulasitiki, ndipo mkati mwa ambiri muli tiufa timene timamwa madzi n'kufufuma ngati phala. Ndiye chinthu chimene munaponya chopyapyala, ife timachipeza chitatupa. Pampu yamanja kapena ya galimoto, zonse zimatsamwa. Koma ndinene chilungamo, mapampasi ndi amene amadzaza dzenje msanga kuposa mapadi. Mwana mmodzi amasintha kangapo patsiku, chaka chonse, pamene mayi ndi masiku ochepa pamwezi. Musakalimbane ndi atsikana okha n'kusiya amayi a makanda.

Wofunsa: Zikomo achimwene. Makanda alipo atatu papuloti pano, ndipo ndinali ndisanaganizeko zimenezo.

Agogo a ku Chilomoni: Mwana wanga, kulakwa kwako n'kumodzi: wati "ine ndizikataya". Palibe mkazi wa kuno kwathu angapereke magazi ake m'manja mwa mkazi mnzake amene si mayi ake, makamaka mwini nyumba amene mwina anakanganapo naye za lendi. Ife kale tinkachapa nyanda usiku, kuyanika kuseri kwa bedi, ikatha ntchito kuikwirira wekha. Chimbudzi akuchikonda chifukwa chimasunga chinsinsi, si kuti ndi aulesi ayi. Uwapatse njira ina yosunga chinsinsi chomwecho, udzaona.

Namwino: Agogo anena zoona, koma pa kuyanika kuseri kwa bedi ndisiyane nawo pang'ono. Nsalu yosauma bwino imabweretsa zotupa ndi kuyabwa kumaliseche. Nyanda kapena padi wochapa amafuna sopo ndi dzuwa.

Za matenda tisasokoneze. Magazi a kumwezi sayambitsa kolera. Kolera imachokera m'chimbudzi cha munthu chikalowa m'madzi akumwa kapena m'chakudya. Kugwirizana kwake n'koti dzenje likadzaza msanga limasefukira nthawi ya mvula, kapena anthu amayamba kudzithandiza m'majumbo, ndipo mapadi otayidwa m'ngalande amatseka madzi. Tonse tikukumbuka 2022 ndi 2023, anthu oposa 1,700 anamwalira ndi kolera m'dziko muno, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Choopsa cha magazi enieniwo ndi kwa amene amawagwira ndi manja, ana, otola zinyalala ku Mzedi, ndi anyamata opopawa. Kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B kamatha kukhala ndi moyo m'magazi ouma kwa sabata yathunthu. Choncho inuyo mayi, ngakhale akanavomera ndowa ija, simukanayenera kugwira popanda magolovesi.

Kuwotcha pambaula kapena padzala sindikulimbikitsani. Padi wonyowa sapsa, amangofuka, ndipo utsi wa pulasitiki pamoto wozizira ngati umenewo ndi woipa m'chifuwa, makamaka kwa makanda ndi a mphumu. Ng'anjo za kuchipatala zimapangidwa kuti zitenthe kwambiri, madigiri 800 kapena kuposa, komanso zimakhala ndi chumuni chachitali. Papuloti yothinana ya ku Ndirande utsi wonse udzalowa m'mawindo a anthu.

Mayi wa ku Area 25: Ndipo ena amakhulupirira kuti ukawotcha padi wawotcha chiberekero. Ine ndawotcha zaka zambiri, ana ndili nawo anayi. Koma musayembekeze kuti onse avomera.

Mphunzitsi wa pulayimale: Kusukulu kwathu zimbudzi za atsikana zinkadzaza chimodzimodzi. Chinatithandiza ndi amayi a mother group, amene amasoka mapadi ochapa ndi makina. Mtsikana akakhala ndi asanu kapena asanu ndi mmodzi amatha nawo chaka, zinyalala palibe. Vuto lake ndi madzi ndi sopo, ndipo inu a ku Ndirande madzi mumagula pa kiyosiki, ndiye muwerengere. Chinanso n'choyanikira. Mtsikana sangayanike padi pachingwe chimene anyamata a lendi amadutsapo. Ife tinawaphunzitsa kuphimba ndi kansalu kopyapyala pamwamba, dzuwa limalowabe.

Mu 2022 boma linachotsa msonkho pa mapadi, tinaombera m'manja ndipo n'koyenera. Koma funso lakuti akatha ntchito apite kuti, aliyense anangolisiyira mwini chimbudzi.

Mtsikana wa ku Zingwangwa: Ine ndimagwiritsa ntchito kapu yofewa yolowetsa kumaliseche, imene imalandira magazi a kumwezi. Chaka chachitatu tsopano, sindinagulenso padi. Umakhuthula m'chimbudzi, kutsuka, kumapeto kwa masiku ako kuiwiritsa m'madzi. Magazi amapita m'dzenje momwemo mmene agogo akufunira, koma pulasitiki ayi. Kungoti masiku oyamba imaopsa, ndipo amayi ambiri safuna kuti ana awo osakwatiwa aziyika.

Mayi wina mwini puloti ku Mbayani: Asisi, ine ndinadutsamo. Ndowa anaikana ngati kwanuko. Ndinakumbitsa kadzenje kakang'ono koma kakuya kuseri kwa bafa, mmisiri anathira silabu pamwamba n'kuika paipi yopingasa yoti dzanja silingalowe, yokhala ndi chotsekera. Munthu amaponya ali m'bafa momwemo, palibe womuona, palibe angatulutse, galu safika. Mukakumba, patalikirane ndi chitsime ngati chilipo pafupi, ndipo madzi a mvula asalowemo. Si kuti zimawola ayi, kadzadzaza ndithu tsiku lina, koma chimbudzi changa chapuma. Mapampasi ndinakana, amenewo timasonkha ndalama, mnyamata wa wilibala amakasiya pamene pamafika galimoto.

Wofunsa: Ndawerenga zonse, Mulungu akudalitseni. Dzulo madzulo ndinaitana amayi okhaokha m'nyumba mwanga, abambo tinawauza kuti ndi za chinkhoswe. Ndinapepesa za ndowa ija. Uja anandifunsa za magazi ake ndi amene anayamba kuseka. Za kadzenje ka paipi onse avomera, awiri akufuna kuyesa mapadi ochapa, kapu aikana onse kupatula mwana wanga. Pa mapampasi ndiye pavuta, amayi a makanda akuti ndalama ya wilibala ichoke pa lendi, enawo akuti mwana si wa puloti.

Asisi a ku Mbayani, kuseri kwa bafa langa kwatsala malo okwana mwina mita imodzi ndi theka kufika pa mpanda wa aneba, ndipo pansi pake ndi pamiyala. Lanu munakumba lakuya bwanji, ndipo paipi munagula ya mainchesi angati?