Rosin wathu akutuluka wakuda komanso wochepa, vuto lili pati?

Wofinya wa pa fakitale:
Akuluakulu, ndithandizeni. Timafinya maluwa a chamba chamankhwala pa laisensi ya kampani, ndipo kwa miyezi ingapo rosin, utomoni umene timaufinya m'maluwawo ndi mbale zotentha, amatuluka wachikasu ngati uchi, wonunkhira bwino. Maluwa amene tinalandira sabata yatha atisokoneza. Utomoni ukutuluka wakuda, wolimba, ndipo pa magalamu 100 tikupeza pafupifupi theka la zomwe tinkapeza. Makina ndi omwewo, kutentha ndi madigiri 90, kathumba ka sefa ndi ka ma micron 90 (muyezo wa kukula kwa timabowo take). Bwana akuganiza kuti makina awonongeka.

Wa makina:
Achimwene, yambani mwayeza mbale zofinyira ndi choyezera china. Kawirikawiri sikirini imanena 90 pamene mbale imodzi yadutsa 100. Kutentha kukakwera, utomoni umada ndipo fungo limathawa.

Wofinya wa pa fakitale:
Tinayeza dzulo, bambo. Mbale zonse ziwiri zili bwino.

Mayi wa ku labu:
Ndiye siyani kaye makinawo. Tengani duwa limodzi mulipsinje ndi zala. Likungofumbutuka kapena likubwerera pang'ono?

Wofinya wa pa fakitale:
Likufumbutuka ngati fodya wouma, mayi. Kamtengo kake kakuthyoka msanga.

Mayi wa ku labu:
Vuto ndi limenelo. Maluwa ouma kwambiri amamwa utomoni wawo womwe m'malo moutulutsa. Timitu tonyezimira ta pamaluwa, ma trichome, timasungunuka, koma mafutawo amalowa m'masamba ouma n'kukhala momwemo. Kenako wofinya amawonjezera nthawi kapena mphamvu kuti atulutse kanthu, ndipo zotuluka zimakhala zakuda. Maluwa ofinya amafuna kusungidwa pa chinyezi cha pafupifupi 62 peresenti. Ku labu timayeza zomwe timati water activity, kutanthauza chinyezi cha m'duwa chimene nkhungu ingagwiritse ntchito, ndipo muyezo wa bungwe loika miyezo la ASTM umanena kuti duwa louma likhale pakati pa 0.55 ndi 0.65. Likatsika pansi pa pamenepo limauma mopitirira, likakwera nkhungu imapeza malo.

Mlimi wa m'shedi:
Mundifunsireko amene anaumitsa: anatenga masiku angati? Ine ndikukayika kuti anayatsa chotenthetsera kuti athamangitse oda. Ndinachitapo zimenezo chaka china, ndipo ndinataya mbewu yabwino kwambiri imene ndinalimapo. Chamba chimafuna kuuma pang'onopang'ono, mumdima, mpweya ukuyenda koma osawomba pamaluwa, kwa masiku 10 mpaka 14, pa madigiri osapitirira 20. Ma terpene, amene amapereka fungo, ndi oyamba kuthawa kukatentha. Ma terpene monga myrcene ndi limonene sadikira.

Wofinya wa pa fakitale:
Ndafunsa. Anaumitsa masiku anayi okha, kenako anaika m'matumba apulasitiki oonekera pafupi ndi windo.

Mayi wa ku labu:
Apo palinso vuto lachiwiri. Kuwala ndi mpweya zimasintha THC, mankhwala amene amapatsa chamba mphamvu, kukhala CBN, mankhwala ofooka, ndipo timitu tija timada. Choncho mtundu wakudawo sunachokere ku makina okha, unayambira m'thumba. Musanalembe chilichonse pa lebulo, tumizani kachitsanzo ku labu. Zotsatira za maluwa akale sizigwira ntchito pa amenewa. Ndipo powerenga, kumbukirani kuti THC yonse ndi THC kuphatikiza THCA (imene imasanduka THC ikatenthedwa) yochulukitsidwa ndi 0.877. Ambiri amangowonkhetsa ziwirizo, n'kulemba nambala yokwera kuposa yoona. Pa mafuta ofinya, amene mphamvu yake imaposa ya duwa kangapo, kulakwitsa koteroko kumakhudza wodwala amene akuyeza mlingo wake ndi timadontho.

Wa makina:
Ine ndingati ikani maluwawo m'mabotolo agalasi otseka bwino, pamodzi ndi timapaketi tosunga chinyezi pa 62, kwa masiku atatu kapena anayi. Musawaze madzi, achimwene, chonde. Kenako finyani pang'ono pa madigiri 85, muwonjezere mphamvu mwapang'onopang'ono kuti kathumba kasaphulike.

Mlimi wa m'shedi:
Utomoni ubwerera, koma fungo silibwerera. Zimenezo muwauze abwana poyera. Ngati oda inali ya rosin wonunkhira, maluwa awa asalowemo. Angapite ku mafuta osakaniza, kumene mtundu ndi fungo sizivuta, bola labu itsimikize kuti mulibe nkhungu ya Aspergillus, makamaka mutawabwezera chinyezi.

Wofinya wa pa fakitale:
Ndabweranso, akuluakulu. Patatha masiku anayi m'mabotolo, tafinya magalamu 20 oyesera. Utomoni watuluka wochuluka ndithu, pafupi ndi kale, ndipo wayera pang'ono ngakhale sunafike pa uchi uja. Fungo ndi lofooka monga mmene bambo a m'shedi ananenera. Kachitsanzo katumizidwa ku labu m'mawa uno. Bwana avomera kuti tigule choyezera chinyezi cha m'chipinda choumitsira, ndipo maluwa aliwonse olowa tiziyamba tawayeza tisanayatse makina.

Mayi wa ku labu:
Zotsatira zikabwera mutiuze nambala ya CBN. Ndikufuna ndione kuti windo lija linadya zochuluka bwanji.