MGF ya 1998 yopsa gasiketi: ndigule kapena ndithawe?

Denga_Lotsegula: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Pali munthu akugulitsa MGF ya 1998, kagalimoto ka MG ka denga lotsegula, injini ya K-series 1.8, osati ya VVC ija yosintha katsegulidwe ka mavalavu. Bodi ili bwino, denga silidontha, koma gasiketi ya hedi inapsa. Mwini wake sakubisa. Akuti inayamba kumwa madzi, kenako pachivundikiro cha oyilo panabwera thovu lotuwa, basi anaiimika. Akufuna theka la mtengo wa yoyenda. Timing belt ndinasinthapo pa galimoto ina, koma hedi sindinatsegulepo. Ndi zoti munthu n'kugula n'kukonzera pakhomo?

Wolumidwa: Thawani achimwene, osacheukanso. Mawu oti "ndi gasiketi chabe" ndi amene anandidyera ndalama ine. Amene anandigulitsa yanga analumbira kuti atangoona singano ya kutentha yakwera anazimitsa pompo. Bodza! Titatsegula tinapeza hedi yafewa ndi moto, mphete za gasiketi zitachita kusindikiza mizere mu aluminiyamu. Munthu uja anaiyendetsa ikuwira mpaka inazima yokha. Ndikamuimbira foni imangolira. Mpaka lero galimoto ili pamiyala. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Bawuti_Khumi: Kkkk anthu mumaopa chiyani? Ine ntchito imeneyi ndimayamba m'mawa, madzulo ndili pamsewu. Injini yomweyi ndi imene ili mu Lotus Elise yanga, ndipo makaniko sanaigwirepo chigulireni. Mabawuti a hedi ndi khumi, umamanga 20 Nm, kenako madigiri 180, kenako 180 enanso, motsata ndondomeko ya m'buku. Chovuta n'chiyani pamenepa?

Wolumidwa: Palibe wafunsa za Lotus yanu bwana.

MX5basi: Aise, ndalama imeneyo uwonjezerepo pang'ono ugule Mazda MX-5. Injini ili kutsogolo, ukatsegula boneti chilichonse uchiona. Pa MGF injini ili kuseri kwa mipando, uzigwira ntchito utawerama pa kabowo mpaka msana kuuma.

Mayi_wa_TF: "Pang'ono" wake uti? MX-5 yopanda dzimbiri masiku ano mtengo wake mungagule ma MG awiri. Ndipo funso silinali limenelo.

MX5basi: Ma MG awiri, onse opsa gasiketi.

Madala_Sipanala: Mwana wanga, ndiyankhe zimene wafunsa, enawa azikangana. Ntchito n'njotheka pakhomo, koma injini imeneyi ili ndi khalidwe lake. Mabawuti khumi aja si afupiafupi ngati a injini zina. Ndi aatali, amadutsa hedi, kudutsa buloko yonse, kukamangirira pa chitsulo chapansi chomwe amati oil rail. Ukawamasula, injini yonse yamasuka. Ndiye lamulo loyamba: hedi ikachoka, usazungulize crankshaft ngakhale pang'ono. Ma liner amene mapisitoni amayendamo ndi ochita kulowetsa, akhoza kunyamuka, ndipo akanyamuka chomatira chapansi pake chaduka, madzi azilowa mu oyilo ngakhale uike gasiketi yatsopano. Pali tizitsulo towapanira, ugule kapena upange.

Chachiwiri ndi kuyeza. Ma liner amayenera kutulukira pamwamba pa buloko pang'ono, pafupifupi 0.1 mm, onse anayi mofanana. Akamira, gasiketi ya zitsulo zosanjikiza ija, ya MLS, siigwira bwino, bola yakale ya mphira m'mbali. Akamira kwambiri, iwalani, vuto lafika pa buloko. Hedi nayo uiyeze ndi chitsulo chowongoka ndi feeler gauge, ndipo uyang'anitsitse mizere imene akunena Wolumidwa. Tizikhomo tiwiri togwira hedi pamalo pake, pa zakalezi tinali ta pulasitiki. Uike tachitsulo.

Vuto lako ndi lakuti zonsezi udzaziona utalipira kale.

Denga_Lotsegula: Zikomo madala. Ndiye pali chimene ndingaone ndisanapereke ndalama?

Madala_Sipanala: Umupemphe ailize. Ngati akukana, wayankha kale. Pali mankhwala abuluu oyezera pa thanki ya madzi, akasanduka achikasu ndiye kuti utsi wa m'masilinda ukulowa m'madzi. Uyezenso compression. Uchotse mapulagi, imene yayera mbuu kuposa zinzake ndiye pamene pakulowa madzi. Nthawi zina pa injini zimenezi wolakwa amakhala gasiketi ya inlet manifold, anthu n'kumanamizira hedi.

Botolo_Limodzi: Mukuvutikiranji nonsenu? Pali mankhwala othira mu rediyeta, botolo limodzi, mtengo wake sufika ndi tayala lomwe. Ine ndinathira mu yanga ndipo ikuyenda.

Mayi_wa_TF: Ikuyenda, nanga hita ikutentha?

Botolo_Limodzi: Ine sindimva kuzizira.

Mayi_wa_TF: Ndinadziwa. Mankhwala amenewo samasankha bowo, amatseka paliponse popapatiza. Pa galimoto iyi rediyeta ili kutsogolo, injini kumbuyo, madzi amayenda m'mapaipi aatali kunsi kwa galimoto. Muziika phala m'menemo?

Wolumidwa: Ndipo ogulitsa achinyengo ndi omwe amathira zimenezi. Amathira, galimoto iyende masiku ochepa, apeze chitsiru. Yanga itatsegulidwa m'mapaipi munali zinthu zonyezimira. Ndikanena za munthu uja mtima umandiwawa, anandipatsa ndi moni wa manja awiri.

Bawuti_Khumi: Kiti yonse ndi yotchipa anthuni, musamuopseze mnyamata. Gasiketi, maseal, basi. Mabawuti ndimabwezera omwewo, buku limalola bola uwayeze kutalika.

Mayi_wa_TF: Yotchipa ndi gasiketi yokhayo. Wonjezani mabawuti atsopano, timing belt, tensioner, water pump, thermostat, oyilo wosintha kawiri chifukwa woyamba ndi wotsukira, fyuluta, madzi a rediyeta, torque wrench ngati alibe, ndi kusikima hedi (kuipala pamakina kuti iwongoke). Ine pa TF yanga, MG imene inalowa m'malo mwa MGF, zonse pamodzi zinakwana pafupifupi ndalama imene ndinagulira galimoto. Ndipo mabawuti amene awira nawo mu injini ine sindingabwezere, buku linene zimene linganene.

Bawuti_Khumi: Anakuberani mayi. Ine sizinafike ndi kotala yomwe.

Mayi_wa_TF: Inu mumawerenga zimene mwagula tsiku limenelo, zida zodzaza galaja zija munatola?

Sikima_Kaye: Hedi iliyonse ikachoka iyenera kusikimidwa. Palibe zokambirana.

Madala_Sipanala: Ayi. Imasikimidwa ikapindika. Pa K-series malire ake ndi 0.2 mm basi, ndipo galimoto ya 1998 mwina inasikimidwapo kale ndi eni ake akale. Hedi yofewa ngakhale uisikime bwanji, mphete zidzamiranso. N'chifukwa chake kiti ya MLS imene Land Rover anatulutsa pa Freelander ya injini yomweyi imabwera ndi kachitsulo kopyapyala kotchinjiriza hedi.

Sikima_Kaye: Ine ndimasikima.

Injini_Yakale: Bwanji osangogula injini yathunthu ya galimoto yophwasulidwa? K-series inaikidwa mu Rover 200, 400, 25, 45, zambirimbiri. Nthawi zina imatsika mtengo kuposa kiti.

MX5basi: Kugula gasiketi yopsa ina, koma iyi yobwera ndi injini yake kkkk

Injini_Yakale: Si zonse zimapsa aise.

Mayi_wa_TF: Komanso pa MGF injini imatulukira pansi pamodzi ndi subframe, chitsulo chimene imakhalapo. Munthu amene sanatsegulepo hedi mukumutuma akanyamule galimoto yonse pakhomo?

Denga_Lotsegula: Ndamuimbira. Akuti kuliza ailiza, koma batire inafa ndiye ndibwere ndi yanga. Ndamufunsa chimene chinayambitsa, akuti sakudziwa, "inangoyamba yokha".

Madala_Sipanala: Apo ndiye pali nkhani. Gasiketi kawirikawiri imapsa chifukwa china chake chayamba kutaya madzi, ndipo injini iyi madzi ake ndi ochepa, ikataya pang'ono yawira kale. Ugone pansi uone mapaipi aja, oyambirira anali achitsulo ndipo amadyeka ndi dzimbiri. Uone rediyeta m'munsi, fani ngati ikuzungulira, water pump, ngakhale chivundikiro cha thanki ya madzi chikasiya kusunga mphamvu chimawiritsa injini. Ambiri amasinthanso thermostat kuika ya PRT, yotsegukanso ndi mphamvu ya madzi, imene inabwera pa ma TF apambuyo, kuti madzi ozizira ochokera kutsogolo asamafike mwadzidzidzi pa injini yotentha. Ukaika gasiketi osapeza gwero, udzatsegulanso. Pomaliza uchotse mpweya m'mapaipi, malo ake ndi atatu: pa rediyeta, pa hita ndi pa injini. Ukaiwala amodzi wayambiranso.

Wolumidwa: "Batire inafa." Nayenso wanga ananena chimodzimodzi. Mwina ndi munthu yemweyo.

Bawuti_Khumi: Ngati ukuopa ndipatse nambala yake ndikaitenge ine. Ndikhala ndi ziwiri.

Gula_Zoyenda: Kampani yake, MG Rover, inagwa mu 2005, mukulimbana ndi galimoto yamasiye.

Mayi_wa_TF: Masipeya a injini imeneyi akupezekabe bwinobwino, musanamize anthu. Achimwene a Denga, ine ndinena chonchi: theka ndi yambiri. Galimoto yosayenda simungayese giya, mabuleki, kapena Hydragas, masipulingi ake a gasi ndi madzi, ngati yakhala pansi. Mupatseni gawo limodzi mwa magawo atatu. Akakana musiyeni, adzakuimbirani yekha.

MX5basi: Ngakhale yaulere ine ayi.

Denga_Lotsegula: Ndipita ndi batire ndi mankhwala oyezera aja. Torque wrench ndigule ya mtundu wanji?

Bawuti_Khumi: Yodula.

Botolo_Limodzi: Bwereka.

Sikima_Kaye: Koma usaiwale kusikima.