Ana obadwira ku Joni tingakawaonetse kuti mbiri ya agogo awo?

Mayi wa ku Ntcheu:
Moni nonse abale. Ana anga awiri anabadwira konkuno, ndiye dzulo wamkuluyo wabwera ndi homuweki ya Heritage Day, tsiku lokumbukira chikhalidwe kuno, ya pa 24 September akuti alembe za kwawo, kenako akundifunsa kuti amama kodi kwathu ndi ku Ntcheu kapena ku Rosettenville? Zandikhudza kwambiri. Malemu bambo anga anagwirapo m'migodi kuno nthawi ya Wenela, bungwe lomwe linkalemba anthu ntchito za m'migodi, koma mdzukulu wawoyu sadziwa kanthu. Ndingapite nawo kuti Loweruka likubwerali?

Mtchona wa ku Turffontein:
Achemwali yambirani ku Workers' Museum ku Newtown, sipatali ndi Market Theatre. Inali komponi ya antchito a khonsolo yomangidwa mu 1913, osati ya mgodi ayi, koma kagonedwe kake nkofanana ndi komwe madala athu ankatiuza. Mabedi ake ndi a simenti, ogundizana ngati mashelefu, munthu wamkulu wabanja lake kumudzi nkumagona pamenepo chaka chonse. Ine nditagwira simenti ija ndi dzanja kuzizira kwake ndinakumbuka amalume anga omwe anabwerako ku Theba ndi wailesi, njinga ndi chifuwa chosatha, ndinangotuluka panja kukakhala kaye pansi.
Muwauzenso anawo za ndege ya Wenela yomwe inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu 1974 itanyamula a Malawi obwerera kumudzi, anafa anthu opitirira 70 ndipo Kamuzu analetsa anthu kubwera kumigodi chifukwa cha ngoziyo. Kusukulu za kuno sangaziphunzire zimenezo.

Aphunzitsi akale:
Zoona achimwene. Mukatero mukwere ku Constitution Hill kufupi ndi Hillbrow, ndende yakale ya Number Four, Gandhi anatsekeredwapo kumeneko, Mandela naye anasungidwako ku Old Fort, pano pali khoti lalikulu la malamulo a dziko. Soweto muisiyire tsiku lake, Vilakazi Street ndi Hector Pieterson Museum ya za 16 June 1976, tsiku lomwe ana asukulu anachita zionetsero zotsutsa boma la tsankho, sizofunika kuthamanga. Komanso mwanayo alembeko za Clements Kadalie wa ku Nkhata Bay yemwe anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, aone kuti wakwathu anasiyapo dzina mdziko muno.

Nachisale wa ku Yeoville:
Zonsezo nzabwino koma chikhalidwe sichili mmamyuziyamu mokha asisi. Mwezi watha tinali ndi chinkhoswe kuno, ankhoswe kusinthana nkhuku, amayi kuvina pelekani pelekani atamanga zitenje, ana athu omwe amangolankhula Chizulu ndi Chingerezi aja anachita kukwera pamipando kuti aone bwino. Kamtsikana kanga mpaka lero kakufuna ndikaphunzitse kululutira. Muzibwera nawo kuzochitika zotere, ndi kutchalitchi komwe kwaya imaimba mChichewa.

Mayi wa ku Ntcheu:
Zikomo kwambiri abale. Loweruka tiyambira ku Newtown, ndipo ndapeza chithunzi cha bambo atavala chisoti cha kumgodi, nditenga kuti mwanayo akachione ali pomwepo. Anachisale chinkhoswe china chikakhalapo mundiuzeko chonde.